Kamera yoti ione manja a amayi anga

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno kwa Kabudula, ndili ndi zaka 31, ndipo sindinakwatire. Zosakwatirazo musandifunse lero, amayi anga amandifunsa kale m'mawa ndi madzulo. Ndakulemberani pa nkhani imene mwina muiseka. Ndikufuna kugula kamera yolumikiza ku laputopu, ija amati webukamu, koma ndalephera kusankha. Musafulumire kuseka, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa mtendere.

Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, dzina lake Kettie. Anabadwa wosamva, ndipo salankhula ndi pakamwa. Panopa ali ku Joni, mumzinda wa Durban, kumene amasoka zovala pakampani ina. Anapita zaka zitatu zapitazo ndi mwamuna wake Hilario, kalipentala, amenenso ndi wosamva. Awiriwa anadziwana kusukulu ya ana osamva. Tsopano Kettie ndi woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo walowa mwezi wachisanu ndi chiwiri.

Kuti mumvetse vuto langa, ndiyambe ndakuuzani za amayi. Aphungu, amayi aja ndi munthu! Kusukulu sanapondeko ngakhale tsiku limodzi, posayina amadinda chala. Kettie atafika zaka ziwiri osacheuka pomuitana, anthu m'mudzi anayamba zawo zija. Ena amvekere walodzedwa, ena amvekere muzimusunga m'nyumba asamakuchititseni manyazi. Amayi anangoyankha kuti, "Makutu ndiye sakugwira, koma maso ali nawo, ndipo ine manja ndili nawo." Kuyambira pamenepo anayamba kupanga chinenero chawochawo, awiriwiri, popanda buku, popanda wowaphunzitsa. Mvula inapeza chizindikiro chake, mbuzi chake, mtedza chake, ngakhale mayi wina wa miseche wa kuseri kwa tchalitchi ali ndi chake. Malemu bambo ankawatchula pogwira m'mphepete mwa chipewa chosaoneka. Ine amanditchula pokoka khutu lakumanja, poti kunena zoona Mulungu sanaumire pondipatsa makutu.

Musaganize kuti ndi chinenero chongopempherana mchere ayi. Amajeda nacho anthu, amakangana nacho, amaseka nacho mpaka misozi mbwee. Ndinkawaona akusoka fodya m'chigafa, manja ali kalikiliki ndi masamba, koma nkhani ikuyenda ndithu ndi zikope ndi milomo. Kettie atapita kusukulu anakaphunzira kulemba komanso chinenero chamanja chimene osamva m'dziko muno amagwiritsa ntchito, koma akangofika pakhomo ankabwerera ku cha amayi. Ine ndimachidziwa mwina theka lokha. Zina, makamaka za azimayi, sanandiphunzitse dala.

Chichokereni Kettie, ine ndiye ndakhala kalaliki wawo. Iye amalemba pa Watsapu, ine ndimawawerengera amayi, amayi amayankha, ine n'kulemba. Apa ndivomere tchimo langa. Mawu a amayi ndimawakonza. Akati, "Umuuze asamadye zamafuta ngati malemu bambo ake, atupa masaya," ine ndimalemba kuti amayi akuti uzidya zakudya zamagulu onse. Chaka chatha amayi anagwa pochokera kudimba n'kuvulala bondo, mpaka pano amatsimphina, koma sindinamulembere Kettie, kuopa kuti adandaula ali kutali. Komatu mlongo wangayo si wogona. Mwezi watha anandilembera kuti, "Achimwene, mawu awa akununkha choko. Ndikufuna amayi, osati kalata yanu." Zinandipweteka, Aphungu, koma ananena zoona.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mkazi akatenga mimba yoyamba pamakhala chisamba, pamene amayi akuluakulu amamukhazika pansi n'kumulangiza za mimbayo, za tsiku lochira, ndi za kasamalidwe ka khanda. Mwamuna sakhalapo, kulibwanji mlongo wake wa woyembekezerayo. Kettie sangabwere kumudzi. Ulendo wa pabasi ndi wa masiku awiri kapena atatu, ndipo adokotala amuletsa. Ine mwanzeru zanga za kusukulu ndinawauza amayi kuti angonena, ine ndizilemba nkhope nditayang'ana kumbali. Ha! Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Iwe, wapenga eti? Za mlongo wako zidutse m'kamwa mwako? Ngakhale m'zala zakozo sizidutsa."

Ndinati ndiye tipeze mayi wina wodziwa kulemba. Azakhali anga a Helena, amene ndi namkungwi m'mudzi mwathu, anakana. Anati zinthu zimenezi sizilembedwa, zimanenedwa munthu ukumuona. Koma anandidabwitsa. "Ngati makina akowo angationetse mwanayo," anatero, "ine ndikhala pambali ndizinena, mayi ako azimuuza ndi manja. Iwe uyatse basi, kenako usowe."

Tinayamba ndi foni. Amayi amalankhula ndi manja awiri, ndiye sangaigwire. Tinaitsamiritsa ku chitini cha shuga, inagwa kawiri. Komanso maso a amayi ayamba kufooka, ndipo anati pa kasikirini kaja Kettie akuoneka ngati nyerere. Ndiye ndinatulutsa laputopu yanga, imene ndinagula chifukwa cha maphunziro a pa intaneti. Apo ndiye amayi anamuona mwana wawo bwinobwino, mimba ili apo, mpaka anagwira pakamwa. Koma Kettie sanawaone amayi.

Vuto ndi ili. Amayi amakhala pamphasa atatambalala, ndipo akuti chisamba cha pampando sanachionepo chibadwire. Laputopu ikakhala patebulo, kamera yake imangoona duku ndi malata. Tikaiika pansi, imaona zidendene ndi chibwano. Zizindikiro zambiri za amayi zimachitikira m'munsi, pamiyendo ndi pamimba, makamaka pa nkhani ngati imeneyi. Kuchipinda kumene akufuna kuchitira mwambowo kuli kazenera kamodzi, ndipo amayi akangoyendetsa manja mofulumira zala zimasungunuka pa chithunzi, osaoneka kuti chala ichi n'chiti. Pabwalo pamawala bwino, koma pamadutsa aliyense, ndipo theka la mudzi limadziwako zizindikiro zathu. Tsiku limenelo Kettie analemba kuti, "Ndikungoona duku ndi utsi." Kenako tinamuona akulira, n'kudula foni. Amayi anadzuka pamphasa paja. Anatenga khasu n'kupita kudimba ndi bondo lawolo, ndipo masana sanadye.

Pa Nsaru pali a Abasi, amene ali ndi sitolo ya mafoni ndi zipangizo za sola. Nditawafotokozera, anakandibweretsera makamera atatu kuchokera mu tauni. Yoyamba ndi yaing'ono, yotsika mtengo, ili ndi timagetsi tozungulira diso lake, ndipo pakatoni analemba 4K ndi zilembo zikuluzikulu. Yachiwiri ndi yakuda, yosakongola, pakatoni pali 1080p ndi 30fps, ndipo a Abasi akuti imaona malo aakulu koma diso lake silisinthasintha, linaikidwa pamodzi basi. Yachitatu ndi yodula. Akuti imatsata nkhope ya munthu akasuntha, imadzikonza yokha kuti chimene chayandikira chioneke bwino, ndipo ili ndi maikolofoni awiri.

Bambo ameneyu ndimamupatsa ulemu. Anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine ndine wamalonda, ndikhoza kungokuuzani kuti yodulayo ndiyo yabwino. Koma zojambula manja sindinaziyesepo, ndiye sindikunamizani. Tengani onse atatu mukayese kunyumba, awiri mudzabweze." Ine ndinakana, ndinati ndingawononge katundu wa eni. Ndapitako kanayi tsopano. Ndimafika, n'kuwerenga makatoni, n'kubwerera chimanjamanja.

Ndithandizeni, Aphungu. Nditenge iti? Kodi ya 4K ija si ndiyo ingaonetse zala bwino? Nanga amayi ndi azakhali adzaigwiritsa ntchito bwanji ine nditatuluka? Komanso ena m'mudzi ayamba kunong'ona kuti ndikufuna kuika zinsinsi za azimayi pa intaneti. Kodi ndikulakwa? Masiku akutha, ndipo ndikuopa kuti mlongo wanga adzalowa m'chipinda chochirira kudziko la eni asanamve mawu a mayi ake.

J.M., Kabudula


A J.M.,

Sindinaseke ayi. Chabwino, pa makutu paja ndinaseka, koma kwinako ndinavula magalasi n'kupukuta m'maso. Musanachite china chilichonse, mukandiperekere moni kwa mayi anuwo, ndipo mukagwade powapatsa. Anthu ophunzira amakhala m'maofesi zaka ndi zaka kukangana za mawu amodzi. Mayi anu anapanga chinenero chathunthu uku akulima, uku akusoka fodya, uku anthu akuwanena. Ndachita nawo nsanje, ndinene poyera. Azakhali anunso ndawagomera. Anamkungwi ambiri akanangoti mwana sanabwere, basi zake zada. Awa aona kuti chofunika ndi mwanayo, osati chipinda chimene wakhalamo.

Ine za makamera sindine katswiri, choncho kalata yanu ndinapita nayo kwa anthu awiri. Wina ndi mayi amene amamasulira chinenero chamanja pamisonkhano, wina ndi bambo amene amatikonzera makompyuta kuntchito kuno. Onse awiri anayambira pamodzi. Anthu ambiri amagula kamera yoti ionetse nkhope yosalala, munthu atakhala phee akulankhula ndi pakamwa. Inu mukufuna kamera ya manja, ndipo manja sakhala phee.

Ndiye za 4K ziiwaleni. Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana mofulumira, ndipo kwa inu chofunika ndi kuchuluka kwa zithunzizo pa sekondi imodzi, osati kukula kwa chithunzi chilichonse. Ija analemba 30fps ikutanthauza zithunzi makumi atatu pa sekondi. Musatsike pamenepo. Chithunzi cha 4K n'cholemera kwambiri, netiweki ya kwa Kabudula singachinyamule mpaka ku Durban. Chidzachepetsedwa chisananyamuke n'komwe, kapena chizidzaima n'kumadumpha zizindikiro. Komanso kakamera kotsika mtengo kamene kakudzitama ndi 4K, ine ndingakakayikire. Katoni ilibe manyazi, imalola kulembedwa chilichonse. Chithunzi chocheperapo cha 1080p n'chokwanira, ngakhale chaching'onopo cha 720p chingagwire ntchito.

Yodulayo ndi yabwino, koma si yanu. Mayi womasulira uja atamva zoti imatsata nkhope anapukusa mutu. "Kamera yotsata nkhope imasiya manja kunja," anatero, "ndipo kwa ife kumeneko n'kutitseka pakamwa." Kudzikonza yokha kujanso kuli ndi vuto lake. Mayi anu akatambasulira dzanja kutsogolo, kamera idzathamangira dzanjalo n'kusiya nkhope ili mbuu, akabweza dzanja idzathamangiranso nkhope. Inu nomwe mwanena kuti nkhani zawo zimayenda ndi manja, zikope ndi milomo nthawi imodzi. Zonsezi zimatheka kuzimitsa, inde, koma zikadzayaka zokha pakati pa mwambo adzazimitsa ndani, inu muli panja? Maikolofoni awiriwo ndiye musawawerengere n'komwe.

Ndipo poti ndatchula maikolofoni, imvani ichi, chifukwa n'chofunika kuposa mmene chikuonekera. Pa tsikulo maikolofoni muzimitse. Azakhali anu azidzalankhula mokweza kuti mayi anu amve, ndipo mawu amenewo adzatulukira pa foni ya Kettie ku Durban. Kettie sadzadziwa kuti foni yake ikufuula. Anthu athu ku Joni amakhala mothithikana, chipinda ichi Mmalawi, chinacho Mmalawi. Mukhoza kutseka zitseko zonse kwa Kabudula, chisamba n'kumveka bwinobwino kwa mnyamata wa ku Mpingu amene akuchapa kuseri kwa khoma.

Yatsala ndi yosakongola ija. Diso losasinthasintha ndi limene mukufuna, chifukwa chilichonse chimene chili patali kuposa mkono umodzi chimaoneka chimodzimodzi, dzanja ndi nkhope yomwe. Kuona malo aakulu ndi kumene kudzalowetse mayi anu onse m'chithunzi atatambalala. Muonenso kuti waya wake ndi wautali, ndiponso kuti imayamba kugwira ntchito mukangoilumikiza, popanda kuikamo zina. Ngati ili ndi kotsekera diso, ndiye bwino kwambiri.

Koma musandikhulupirire ine, ndipo musakhulupirire katoni. A Abasi anakupatsani nzeru yabwino kuposa yanga, inu n'kuikana. Wamalonda amene akukuuzani kuti sindinaziyesepo, tengani mukayese, ameneyo ndi wosowa, musamutaye. Pitani mukatenge onse atatu.

Utsi umene Kettie anaona uja, mbali yaikulu si kamera, ndi mdima. Kamera ikakhala pamdima imachedwa kutola chithunzi chilichonse pofuna kusonkhanitsa kuwala, ndiye chinthu choyenda chimapakika. Ngakhale yodula imatero. Choncho mwambo uchitike masana dzuwa lili pamwamba, ndipo mayi anu ayang'anizane ndi zenera. Zenera likhale kumbuyo kwa kamera, osati kumbuyo kwa munthu. Mukaopa osuzumira, pachikani nsalu yoyera yopyapyala, imalowetsa kuwala koma maso imawaletsa. Kukachepabe, onjezerani babu la sola kutsogolo kwawo. Timagetsi ta kakamera koyamba kaja timangowalitsa mphuno ya munthu amene wayandikira, pamphasa sitingafike.

Kumbuyo kwawo kukhale khoma lopanda makalendala, kapena nsalu ya mtundu umodzi. Avale bulawuzi yowala ya mtundu umodzi, ndipo pamiyendo ayalepo nsalu yopanda maluwa, kuti zala zisasokonekere m'zojambula za chitenje. Ngati pa laputopu munayatsa kaja kobisa zakumbuyo kwa munthu, kazimitseni. Kameneko kamaona dzanja loyenda ngati si mbali ya munthu, n'kulifufuta.

Za mphasa musalimbane nawo, akunena zoona. Munthu wamkulu sangasinthe kakhalidwe kake chifukwa cha kachipangizo kokwana m'thumba la malaya. Kamera ndiyo itsike. Musaipachike pa laputopu. Iikeni pa kampando kafupi, kapena pa njerwa zosanjikiza, ifanane ndi chifuwa chawo atakhala pansi, patali ngati mapazi awiri aakulu. Muisunthe mpaka chithunzi chiyambire pa duku kufika m'mawondo, ndipo akatambasula zigongono zisatuluke m'mbali. Laputopu ikhale pafupi penipeni ndi kamerayo, kuti akamayang'ana Kettie, Kettie aziona kuti akuyang'anidwa. Mukapeza malo abwino, mangani kamerayo ndi selotepi, ndipo lembani pansi pamene pakhale mphasa ndi pamene pakhale kampando. Choko ndiye muli nacho.

Poyesa, muyesere m'chipinda chomwecho, pa ola lomwelo, ndipo muimbire Kettie weniweniyo. Mayi anu asachite zizindikiro zaulemu zapang'onopang'ono ayi. Ajede munthu, mwaliwiro lawo la masiku onse. Musinthe makamera onse atatu, ndipo wosankha akhale Kettie, chifukwa woona ndi iyeyo. Akasankha yosiyana ndi imene ndanena ine, mverani iye.

Zithunzi zikamaimabe pa makamera onse atatu, dziwani kuti vuto ndi netiweki. Foni imene ikupereka intaneti ku laputopu muiike pazenera kapena paliponse pamene imagwira bwino, ndipo bandulo ikhale yokwanira maola angapo, chifukwa anamkungwi sayang'ana wotchi. Zikakanikabe, pezani chipinda chotsekeka kwa mayi wina wachibale pafupi ndi pa Nsaru. Laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo muikonze kuti isagone yokha. Kettie nayenso muuzeni aimike foni yake, ayang'ane kowala, ndipo a Hilario akapeze kopita.

Mwafunsa kuti adzaigwiritsa ntchito bwanji inu mutatuluka. Aphunzitsi, munthu amene anapanga chinenero angalephere batani limodzi? Mukonze zoti woimba azikhala Kettie, mayi anu azingoyankha. Aonetseni podina, yesani katatu kapena kanayi masiku asanafike, kachitatuko inu mutaima pakhomo manja ali kumbuyo. Ikaduka, Kettie aziimbanso. Zikavutitsitsa, atseke diso la kamera kaye, kenako akuitaneni.

Onong'onawo musakangane nawo, mantha awo ali ndi chifukwa. Tonse taonapo zinthu za anthu zikuyenda m'mafoni. Koma chimene chimayenda ndi chimene chajambulidwa n'kusungidwa. Kuimbirana kwa anthu awiri sikutsala mu laputopu pokhapokha wina atajambula dala. Choncho musajambule, ngakhale ndi mtima wabwino woti Kettie azidzaonera. Kettie nayenso asajambule. Muwauze azakhali anu zimenezi, iwo ndi amene akatseke pakamwa anthuwo, osati inu. Muwapemphenso mwaulemu kuti chisamba chiyendere limodzi ndi sikelo. Pamene malangizo a kumudzi asiyana ndi a kuchipatala, makamaka pa zakumwa zofulumizitsa kuchira, Kettie atsate a kuchipatala. Ndipo iye ndi mwamuna wake akonzeretu mmene adzalankhulire ndi anamwino pa tsikulo, kaya ndi womasulira kaya ndi pepala ndi cholembera.

Tsopano ndikunenani pang'ono, poti munabwera nokha. Munthu wophunzira ngati inu, amene wafotokoza makamera atatu mwadongosolo chonchi, sangapite kusitolo kanayi n'kubwerera chimanjamanja chifukwa cholephera kusankha. Si zoona zimenezo. Mukuzengereza chifukwa mukudziwa kuti kamerayo ikagwira ntchito, ukalaliki wanu watha. Zaka zitatu mawu onse a anthu awiri amene mumawakonda akhala akudutsa mwa inu, ndipo munazolowera. Sindikukuweruzani. Alongo ambiri akanatopa mwezi woyamba, inu simunatope, ndipo ndikukuyamikani kuchokera pansi pa mtima. Koma panafika poti munayamba kusankha chimene Kettie amve ndi chimene asamve, ndipo mphamvu imeneyo palibe anakupatsani.

Mukuopanso china, ndipo ndichitchula. Bondo lija. Tsiku loyamba kamera ikadzaona bwino, Kettie adzaona yekha mmene mayi ake akukhalira pansi ndi mmene akudzukira. Maso a munthu wosamva saphonya zotere. Adzafunsa, mayi anu adzayankha ndi manja awo, ndipo adzadziwa kuti mwamubisira chaka chathunthu. Musadikire kuti akugwireni. Mulembereni lero, mumuuze za bondolo, mumuuzenso kuti mawu ena munkawakonza, ndipo mupepese popanda kudzikometsera. Mayi anunso muwauze. Akukalipirani onse awiri, mwina ndi zizindikiro zimene simukuzidziwa n'komwe. Pirirani, zidzatha. Koma zithe chisamba chisanafike, kuti tsiku limenelo lisathere pa nkhani ya inu.

Ndiye Loweruka lino mukhale muli pa sitolo ya a Abasi. Sabata yamawa muyese, sabata inayo mwambo uchitike. Mimba ya miyezi isanu ndi iwiri siidikira kuti munthu amalize kuwerenga makatoni.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Tsikulo mukayatsa, tulukani ndithu. Osati kukhala pakhonde ngati mukukonza njinga, osati kudutsa pazenera ngati mukusaka nkhuku. Pitani kutali koti akakufunani achite kukutumirani munthu. Mudzamva kuwawa pang'ono, chifukwa kudzakhala koyamba m'zaka zitatu kuti awiriwa alankhulane inu osadziwa chimene anena, ndipo simudzachidziwa mpaka kalekale. Mukadzabwerako n'kupeza mayi anu akutuluka m'chipindamo maso ali psuu, musadzathamangire ku laputopu kukaona chimene chavuta. Sipadzakhala chovuta. Adzakhala atalankhula ndi mwana wawo.

Aphungu